"Sitinapeze kanthu": mimba yovuta, adokotala ndi foni ku Ntaja

Mwa mawu onse amene munthu angamve m'chipinda cha adokotala, akuti "tayeza, sitinapeze kanthu" amayenera kukhala okondweretsa. Koma taganizani za mayi amene m'mimba mwakhala mukumupotokola chaka chathunthu, amene asanakwere minibasi pa Ntaja amayamba wawerengera ngati akafike ku Liwonde osapempha kondakitala kuti aimitse galimoto. Kwa iyeyo mawuwa akutanthauza kuti sanamukhulupirire. Amafunsa mwaulemu, "Nanga chikundipwetekachi n'chiyani, adokotala?" koma pakhomo wina akusuzumira kale, ndipo yankho limakhala mapiritsi m'kapepala. Chikhulupiriro chimene anabwera nacho sichifera pomwepo, chimangosamuka. Kale chinkasamukira kwa sing'anga. Lero amachigawana atatu: sing'anga, mnyamata wogulitsa mankhwala pa okala, ndi foni.

Matenda ndikunenawa madokotala amawatchula mwachidule kuti IBS. Wodwala amamva kupweteka m'mimba kumene kumabwera n'kupita, ndipo kupwetekako kumayendera limodzi ndi chimbudzi. Ena amatsegula m'mimba, makamaka m'mawa kapena akangodya, ena amadzimbidwa masiku angapo, ena zimasinthanasinthana. Mimba imafufuma madzulo, mpweya umachuluka, ndipo munthu pochoka kuchimbudzi amamva kuti sanamalize. Mu 2016 akatswiri a bungwe la Rome Foundation anagwirizana za muyezo wozindikirira matendawa. Kupweteka kukhale kwa tsiku limodzi pa sabata kapena kuposerapo m'miyezi 3 yapitayo, vutolo likhale litayamba miyezi 6 m'mbuyomo, ndipo pazinthu zitatu izi pakhale ziwiri: kupweteka kogwirizana ndi kuchita chimbudzi, kusintha kwa maulendo a kuchimbudzi, kusintha kwa maonekedwe a chimbudzicho. Onani kuti m'muyezowu mulibe kuyeza magazi, mulibe sikani. Matendawa amazindikirika ndi khutu.

Ululu wake ndi weniweni, ndipo unayezedwa kalekale. Mu 1973 dokotala wina ku England, James Ritchie, ankalowetsa kabaluni m'matumbo aakulu a anthu n'kumakapopa pang'onopang'ono. Pa mamililita 60, mwa anthu opanda vutoli 6 okha pa 100 alionse ndiwo anamva kupweteka. Mwa odwala IBS anali 55. Mpweya wofanana, koma uthenga wofika ku ubongo wosiyana. Matumbo ali ndi minyewa yawoyawo imene imalankhulana ndi ubongo usana ndi usiku, ndipo mwa odwalawa minyewayo ili ngati galu wouwa ngakhale tsamba likagwa pabwalo. Wakuba palibe, koma kuuwako n'koona ndipo sikugonetsa tulo. Uthengawo umayendanso mbali zonse ziwiri. Ngongole, maliro, chimanga chopserera kumunda zimatha kudzutsa mimba, nayonso mimba yovuta imabala nkhawa. Apa m'pamene anthu amaphonyana: adokotala akati "ndi maganizo", wodwala amamva "mukudzipangitsa".

Kafukufuku wamkulu wa Rome Foundation, amene anatuluka mu 2021, anafunsa anthu oposa 73,000 m'mayiko 33. Mwa oyankha pa intaneti, pafupifupi 4 pa 100 anali ndi IBS pa muyezo wa 2016, ndipo pa muyezo wakale, womasukirapo, anali 10. Mu Africa ofufuzawo anafika ku Egypt, Ghana, Nigeria ndi South Africa, Malawi sanalimo. Komabe pali chifukwa choganizira kuti odwala kuno sangachepe. Njira imodzi yodziwika bwino imene IBS imayambira ndi kudwala m'mimba kwambiri kamodzi: tizilombo timatha, matumbo n'kutsala okwiya. Zimachitikira munthu mmodzi mwa 10 alionse amene adwala chotero. Mu 2004 m'madzi akumwa a mzinda wa Bergen ku Norway munalowa kachilombo ka giardia, ndipo patatha zaka 3, anthu 46 pa 100 mwa amene anadwala anali ndi IBS, pamene mwa osadwala anali 14. Ku Bergen inali ngozi ya kamodzi. Ku Machinga ndi ku Balaka kutsegula m'mimba sikuphonya dzinja. Mliri wa kolera umene unalengezedwa pa 3 Malichi 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unayamba kudziwika ndi wodwala wochokera ku Balaka amene anagonekedwa pachipatala chachikulu cha Machinga. Sindikuti kolera ndiye amabala IBS. Ndikuti madzi onyamula kolera amanyamulanso anzake.

Anzakewo ndiwo amalemetsa ntchito ya wachipatala wa ku Ntaja kuposa ya mnzake wa ku England kapena ku Australia. Wa ku Ntajayu sangathamangire kunena kuti ndi IBS. Munthu wowedza ku Chiuta kapena ku Chilwa akhoza kukhala ndi likodzo la m'matumbo. Pali njoka za m'mimba, giardia, kamwazi. Pali HIV, pali chifuwa chachikulu chimene chimagwiranso m'mimba, ndipo kwa amayi pali matenda a chiberekero amene ululu wake umamveka m'chinena momwemo. Dziko lathu lilinso pamwamba penipeni pa mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka. N'chifukwa chake pali zizindikiro zimene munthu sayenera kufunsira foni kapena kugona nazo: magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii, kuwonda popanda chifukwa, kuchepa magazi, kutentha thupi, kutsegula m'mimba kodzutsa munthu pakati pa usiku, chakudya kukakamira pakhosi, chotupa chogwirika m'mimba, kapena vuto longoyamba kumene munthu atadutsa zaka 50. IBS sichita zimenezi. Wokhala nazo afunika kalata yochoka pachipatala chaching'ono cha Ntaja kupita ku Liwonde, kumene kuli chipatala chachikulu cha boma la Machinga, mwinanso mpaka ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene angamuyang'ane mkati ndi kapaipi ka kamera.

Wopanda zizindikirozo, amene magazi ndi chimbudzi zayezedwa n'kupezeka bwino, ndiye amatsala m'malere. Poti munthu sangabwerere kunyumba wopanda dzina la nthenda, amabwereka mayina awiri amene ali pakamwa pa aliyense: zilonda za m'mimba ndi taifodi. Matenda awiriwa alipo ndithu, ndipo amapha. Koma zilonda zimapweteka kumtunda, cha pachifu, sizisinthasintha chimbudzi sabata ndi sabata. Kachilombo kamene kamayambitsa zilonda zambiri, Helicobacter pylori, kali m'mimba mwa anthu oposa theka mu Africa, ambiri osadwala n'komwe, choncho kukapeza mwa munthu sikutsimikiza kuti ndiko kakumupweteka. Taifodi ndi matenda a kutentha thupi kwa masiku angapo otsatizana, osati a kudzimbidwa kwa zaka. Kayezedwe kotchipa ka Widal, kamene kanayamba mu 1896, kamadziwika ndi kunena kuti "ilipo" mwa anthu ambiri amene alibe, makamaka kumadera kumene anthu anakumanapo kale ndi tizilombo totere kapena ali ndi malungo. Mapeto ake ndi munthu amene wamwa Flagyl, cipro, Bactrim ndi omeprazole mobwerezabwereza, ena olemberedwa, ena ogula yekha. Sabata yoyamba amapezako bwino, pakuti IBS imazilala yokha n'kudzukanso. Ikadzuka amatsimikiza kuti adokotala aja sankadziwa kanthu, n'kupita kwa ena. Pamenepo n'kuti maantibayotiki atasokoneza tizilombo tabwino ta m'matumbo, ndalama ya nandolo itathera m'njira.

Kukanakhala kuti kumvetsera wodwala ndi ulemu chabe, tikanati tidzachita tikadzalemera. Koma pa matenda awa kumvetsera kunayezedwa monga amayezera mankhwala. Mu 2008 Ted Kaptchuk ndi anzake a ku Harvard anagawa odwala IBS 262 m'magulu atatu. Gulu loyamba linangodikira. Lachiwiri linalandira chithandizo chabodza, singano zooneka ngati zikubaya koma zosabaya, kwa munthu wosalankhula zambiri. Lachitatu linalandira singano zabodza zomwezo, koma woperekayo anakhala ndi wodwala aliyense mphindi 45 pa ulendo woyamba, kumufunsa mmene matendawa asokonezera moyo wake, kumvetsera osamudula mawu, n'kulankhula mopatsa chiyembekezo. Patatha masabata 3, amene anati apeza mpumulo wokwanira anali 28 pa 100 m'gulu loyamba, 44 m'lachiwiri, 62 m'lachitatu. Magulu awiri omalizawo singano zinali zimodzimodzi. Chosiyana chinali munthu woigwira. Kale mu 1995 madokotala a ku Mayo Clinic anali atatsata mbiri ya odwala 112 kwa zaka pafupifupi 30. IBS sinafupikitse moyo wawo, ochepa chabe ndiwo anadzapezeka ndi matenda ena a m'mimba, ndipo amene anakambirana bwino ndi dokotala wawo poyamba sankabwererabwerera kuchipatala ngati anzawo.

Mphindi 45! Wachipatala aliyense wa kumudzi angaseke. Kafukufuku wa 2017 wa m'mayiko 67 anapeza kuti ku Sweden wodwala amakhala ndi dokotala mphindi 22, ku Bangladesh masekondi 48, ndipo m'mayiko 18, momwe mukukhala theka la anthu a padziko, sizidutsa mphindi 5. Amene anaimapo pamzere wa kuchipatala Lolemba m'mawa akudziwa mbali imene ife tili. Munthu amene timangomuti adokotala uja khonde lake ladzaza ana otentha thupi ndi amayi oyembekezera, ndipo wopweteka m'mimba amene wabwera akuyenda yekha sangakhale woyamba kumudetsa nkhawa. Sindimuimba mlandu. Koma wodwalayo nayenso sanalakwe kukafuna yankho kwina.

Foni ili nayo nthawi. Kafukufuku wa NSO ndi MACRA wa 2019 anapeza kuti Amalawi ogwiritsa ntchito intaneti sankafika 15 pa 100, kumidzi n'kocheperanso. Chiwerengerochi chimabisa mmene uthenga umayendera. Agogo safunika bandulo. Mdzukulu wa kusekondale amawawerengera, mpongozi amawamvetsa mawu ojambulidwa pa WhatsApp, ndipo mwana wawo amene ali ku Joni, monga alili anyamata ambiri a ku Machinga ndi Mangochi, amatumiza kavidiyo lero, botolo la mankhwala pa basi mwezi wamawa. Zolembedwa zodalirika, monga za NHS ya ku Britain, zili m'Chingerezi. Zofika m'Chichewa kapena m'Chiyao zokhudza mimba kawirikawiri mwini wake amakhala ndi chogulitsa.

Ndipo wogulitsayo amachita zonse zimene gulu lachitatu lija linalandira. Amatchula zizindikiro chimodzichimodzi, "Kodi mimba imafufuma mukadya? Kodi mumalira m'mimba?", mpaka womvera amati munthu uyu akundidziwa. Amapereka dzina, amapereka chifukwa, akuti zoipa zaunjikana m'matumbo. Amayankha uthenga ngakhale usiku: "Amayi, musadandaule, muchira." Mankhwala otchedwa otsuka m'mimba nthawi zambiri amakhala otsegula m'mimba basi. Wodzimbidwa amapepukidwa tsiku limenelo n'kusanduka mboni. Wotsegula kale amangoonjezera mavuto, koma umboni wake sautumiza m'gulu. Lamulo la 2019 limene linakhazikitsa PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, limakhudzanso mankhwala azitsamba, koma mawu oyenda pa WhatsApp kuchokera ku Durban alibe chitseko choti n'kukagogoda. Ine sindidandaula kwambiri za wodwala IBS amene wataya ndalama pa botolo. Amene amandisowetsa mtendere ndi mnzake wooneka magazi m'chimbudzi, amene mawu okoma omwewo amuchedwetsa miyezi isanu asanakwere ya ku Liwonde.

Wofufuza yekha pa Google nayenso ali ndi msampha wake. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa zotsatira za kuyesa mapulogalamu 23 amene munthu amalembamo zizindikiro kuti amuuze matenda: dzina lolondola linabwera poyamba maulendo 34 okha pa 100. Kulemba za kupweteka m'mimba sikuchedwa kukufikitsa pa khansa, ndipo mantha, monga taonera, amadzutsa mimba. Albena Halpert wa ku Boston ndi anzake atafunsa odwala IBS 1,242 ku America, anapeza kuti mmodzi mwa asanu alionse ankakhulupirira kuti matendawa amasanduka khansa. Sasanduka. Odwala omwewo atafunsidwa kumene angakonde kumva za matenda awo, anaika dokotala patsogolo, intaneti pambuyo pake. Anthu ophunzira, okhala ndi intaneti m'nyumba, ankafunabe kumva pakamwa pa munthu amene wawagwira pamimba.

Ngakhale malangizo oona amafika kuno atalembedwera mbale za anthu ena. Mu 2005 Peter Gibson ndi Sue Shepherd a ku Melbourne, Australia, anafotokoza za mitundu ina ya shuga imene sigayika bwino m'matumbo aang'ono. Imakoka madzi, kenako imakasasa m'matumbo aakulu n'kutulutsa mpweya. Anaitcha FODMAP, ndipo kadyedwe koichepetsa, kamene yunivesite ya Monash inakafalitsa, kamathandizadi odwala ambiri. Koma tawerengani mndandanda wa zopewa: anyezi, adyo, tirigu, mkaka, uchi, mango, mavwende, nyemba ndi abale ake onse. Ku Ntaja zimenezo zikutanthauza nandolo, khobwe ndi nyemba, ndiwo za banja limene nyama limaiona pa chikondwerero. Zikutanthauza mandasi ndi buledi. Zikutanthauza mango amene amasunga anthu mu Disembala nkhokwe zikauma. Munthu woona mndandandawo pa kavidiyo ka mphindi imodzi amangosiya zonse kwamuyaya, n'kuyamba kuwonda, kuwondako n'kumuopsanso. Chimene kavidiyo kadumpha n'chakuti eni ake amati kupewako n'kwa masabata 2 mpaka 6 basi, kenako zakudyazo zibwezeredwe chimodzichimodzi kuti munthu adziwe ziwiri kapena zitatu zimene zimamuvutadi, zotsalazo azidya.

Chodabwitsa n'chakuti mbale yathu ili pafupi ndi kadyedweka kuposa ya ku Melbourne. Nsima ya chimanga, mpunga, matemba, usipa, mazira, mtedza pang'ono, papaya, nthochi yosapsetsa: zonsezi zili kumbali ya zololedwa. Akuluakulu ambiri kuno matumbo awo sagaya bwino shuga wa mumkaka, choncho tiyi wamkaka ndiye woyamba kumukayikira, asanafike nandolo. Nyemba zoviika usiku n'kutaya madzi ake zimacheperako mphamvu yotupitsa mimba. M'mwezi wa Ramadan, kudya zambiri nthawi imodzi pomasula kusala kumadzidzimutsa matumbo, ndipo kuyamba ndi pang'ono kumathandiza. Zoterezi tsamba la ku Australia silingazinene. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi atazidziwa angazinene ataimirira pa sikelo.

Ndingachite bodza kunena kuti foni sipereka kanthu kabwino. Matenda awa ndi amanyazi. Msilamu amene mpweya umamuonongera wudhu kawiri katatu asanamalize swala sangakambe zimenezo pakhonde la mzikiti. Mtengwa sangauze apongozi chifukwa chimene amatulukiratulukira m'mawa. Mphunzitsi amasiya kudya m'mawa kuti asathawe m'kalasi. Wina amagona akuganiza kuti anamudyetsa, n'kumawerenga m'mutu amene anadya nawo pamaliro. Kwa anthu otere, kumva kuti vutoli lili ndi dzina, kuti lili ndi anthu mamiliyoni, kuti silipha, kumamasula chinachake pamtima, ngakhale m'mimba momwe. Ngati mawuwo sanawamve kuchipatala, kuli bwino awamve pafoni.

Ndiponso foni ndi chipatala siziyenera kukhala adani, umboni uli kutsidya kwa Shire. Mu 2011 bungwe la VillageReach ndi Unduna wa Zaumoyo anayambitsa Chipatala Cha Pa Foni ku Balaka, poyamba cha amayi oyembekezera ndi ana. Anthu ankaimba ulere pa 54747 n'kulankhula ndi wachipatala wophunzira. Ntchitoyo inakula n'kukhudza matenda a aliyense, inafika m'maboma onse pofika 2018, kenako boma linaitenga. Woyankha foniyo sangayeze chimbudzi, koma sakuonani nkhope, pakhomo pake palibe wosuzumira, ndipo alibe botolo loti akugulitseni. Angathe kusiyanitsa wofunika kukwera minibasi lero ndi wofunika kufotokozeredwa. Chinanso tili nacho kale ndi kabuku ka kuchipatala kamene aliyense amayenda nako. Mizere iwiri yonena kuti chimbudzi, magazi ndi HIV zinayezedwa tsiku lakuti, zizindikiro zoopsa palibe, matendawa ndi IBS, ingapulumutse wodwala ku Flagyl wachisanu akadzakumana ndi wachipatala wina.

Mankhwala enieni alipo, ngakhale sachiza mpaka kalekale: hyoscine, amene ambiri amamudziwa kuti Buscopan, wa kupotokola, loperamide wa kutsegula, madzi okwanira, zamasamba ndi kuyenda kwa wodzimbidwa. Koma amene amaonetsa bwino pamene pagona nkhani ndi amitriptyline. Mu 2023 magazini ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wotchedwa ATLANTIS, wotsogoleredwa ndi Alexander Ford wa ku Leeds, wa odwala 463 m'zipatala zing'onozing'ono 55 za ku England. Amene anamwa amitriptyline wochepa, kuyambira mamiligalamu 10 usiku mpaka 30, anapeza bwino kuposa amene anamwa mapiritsi opanda mankhwala patatha miyezi 6. Mankhwalawa ndi akale, otchipa, ndipo ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira a m'zipatala zathu.

Tsono mpatseni mayi wa ku Ntaja mapiritsiwo osanena kanthu. Madzulo mdzukulu alemba dzinalo pafoni, ndipo mzere woyamba unena kuti ndi mankhwala a matenda a maganizo. Foni sinaname. Koma mayiyo ati, "Ndinadziwa, andiyesa wamisala, mawa anditumiza ku Zomba Mental," mapiritsi n'kukathera m'chimbudzi. Ofufuza a ATLANTIS anadziwa zimenezi, moti wodwala aliyense ankafotokozeredwa chifukwa chomwera mankhwalawa ndi mmene angakwezere kapena kutsitsira mlingo malinga ndi mmene akumvera. Zofunika kunenazo n'zochepa: "Amayi, mukafunsa pafoni akuuzani kuti awa ndi a maganizo. N'zoona, koma a maganizo amamwa mamiligalamu 75 kapena kuposa. Inu ndakupatsani ochepa kuti aziziritse minyewa ya m'matumbo. Aziumitsa kukamwa ndi kugonetsa, choncho muzimwa pogona. Musagule ena pa okala, musagawire mnzanu, musunge patali ndi ana, ndipo mubwere mwezi wamawa ndi kabuku kanu tidzaone ngati tikweze."